Panda wa Lynne Truss ndi chimangirizo cha mwana wa Sitandade 6

Patchuthi chapitachi achemwali anga anandipatsa ntchito yopanda malipiro, yothandiza mwana wawo wamkazi wa Sitandade 6 pa Chingerezi. Aphunzitsi ake anali atalemba mawu amodzi okha ndi cholembera chofiira m'munsi mwa chimangirizo chake, akuti "punctuation", n'kuwalembera mizere iwiri kunsi. Achemwali anangonditambasulira kopelo n'kunena kuti, "Si inu mwaphunzira za zilankhulo mpaka digiri? Tamukonzereni mwanayu, mayeso a Sitandade 8 sali patali." Kukana kunalibe.

Ndinali ndi chida chomwe ndinkachidalira. Ndi kabuku ka zithunzi ka Lynne Truss, wolemba wa ku Britain, komwe ndinakapeza pamulu wa mabuku akale ogulitsidwa m'mbali mwa msewu. Takhala nako masabata atatu ine ndi mwanayu, ndipo chomwe ndaona ndi ichi: kabukuka n'kokoma, koma kakuchiza matenda omwe mwana wathu sakudwala.

Tiyambe ndi bukulo. Mu 2003 Truss anatulutsa buku la akuluakulu lotchedwa Eats, Shoots & Leaves, lomwe linachokera pa mapulogalamu omwe ankaulutsa pa wailesi ya BBC Radio 4. Linagulidwa modabwitsa, poganizira kuti nkhani yake ndi ya zizindikiro za m'kalembedwe basi. Mu 2006 kunatuluka kabuku ka ana ka dzina lomwelo, kokamba za mpatuliro, ndipo zithunzi zake anajambula ndi Bonnie Timmons. Mu 2007 kunabwera kena kokamba za nkhodolero, The Girl's Like Spaghetti. Njira ya timabukuti ndi imodzi. Chiganizo chimalembedwa kawiri, patsamba lakumanzere ndi lakumanja, mawu ake omwewo, koma chizindikiro chitasuntha kapena kuchotsedwa. Chiganizo chilichonse chili ndi chithunzi chake, ndipo chimodzi mwa zithunzizo chimakhala choseketsa. Kumapeto kwa kabuku kuli masamba ofotokoza malamulo ake mwachidule.

Njirayi ili ndi ubwino wake, ndisabise. Ana ambiri amaona mpatuliro ngati kadontho kokongoletsera komwe aphunzitsi amakakonda popanda chifukwa. Chithunzi chimawaonetsa kuti kadonthoko kamasintha zomwe zanenedwa. Ndipo pali malo amodzi pomwe njirayi inagwira mwa mwana wathu tsiku lomwelo, pa mpatuliro wopatula dzina la munthu yemwe tikumuitana. Ndinamulembera m'Chichewa "Tiyeni tidye, agogo" ndi "Tiyeni tidye agogo". Anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo kuchokera pamenepo salakwitsanso "Good morning, teacher". Apa Chichewa ndi Chingerezi zimayendera limodzi, choncho nthabwala imawoloka popanda vuto.

Vuto loyamba linayambira pachikuto penipeni. Dzina la bukuli likuchokera pa nthabwala ya nyama ya ku China yotchedwa panda. Chiganizocho chikakhala chopanda mpatuliro, chimanena kuti nyamayi imadya mphukira ndi masamba. Mukaika mpatuliro pambuyo pa mawu oyamba, chimanena kuti imadya, kenako imawombera mfuti n'kuchokapo. Ndisanafike n'komwe pa mpatuliro, mwana uja anandifunsa, "Amalume, opanda chiyani?" Titathana ndi za nyamayo, ndinayenera kufotokoza kuti "shoots" ndi dzina komanso mneni, kuti "leaves" ndi masamba komanso kuchoka. Pomwe ndimamaliza, nthabwala inali itazizira kale ngati nsima ya dzulo.

Apa ndi pomwe pagona chinsinsi cha njira yonseyi. Nthabwala zoterezi zimadalira mawu a Chingerezi omwe ali ndi matanthauzo awiri, ndipo zimaseketsa munthu yemwe matanthauzo onsewo amamubwerera okha m'mutu. Dzina la kabuku kachiwiri lija nalonso n'chimodzimodzi: muyenera kudziwa kale kuti "like" ndi kukonda komanso kufanana ndi chinthu. Kwa mwana wa ku Leeds, limeneli ndi phunziro la zizindikiro. Kwa mwana yemwe Chingerezi amachipeza m'kalasi, akabwera kunyumba n'kumayankhula Chichewa, ndi phunziro la mawu atsopano lomwe lavala malaya a zizindikiro.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa ili. Nachi chiyambi cha chimangirizo chomwe aphunzitsi anachilemba zofiira chija:

"During the holiday I went to the village, I saw my grandmother, she was very happy, she killed a chicken, we ate it with rice."

Tayesani kujambula zithunzi ziwiri kuchokera pamenepa. Simungathe. Muike mipatuliro, muike mipumiro, musaike kalikonse, nkhuku ndi yomweyo ndipo yaphedwa ndi agogo omwewo. Palibe tanthauzo lachiwiri, palibe choseketsa. Koma cholakwika chilipo, ndipo ndi chomwe chinadzaza tsamba lonse: ziganizo zisanu zoima pazokha zamangidwa ndi mipatuliro pomwe Chingerezi cholemba chimafuna mpumiro kapena mlumikizi. Mwana wathu atawerenga kabuku ka Truss anatenga phunziro loti chizindikiro chimafunika pomwe pali ngozi yoti wina amve zina. Ndiye anandifunsa funso lomwe linali lanzeru ndithu: "Nanga apa mwamva zolakwika pati?" Ndinalibe poloza.

Zoona zake n'zakuti zizindikiro zambiri zomwe timalemba tsiku ndi tsiku sizipulumutsa agogo kuti asadyedwe. Zimaonetsa owerenga pomwe chiganizo chathera ndi momwe zigawo zake zalumikizirana, kuti asavutike. Buku lomwe likuonetsa milandu yodabwitsa yokhayokha likuphunzitsa za ngozi zapamsewu kwa munthu yemwe sanaphunzire kupalasa njinga.

Nanga mipatuliro ija inabwera bwanji? Ndinamufunsa. Yankho lake ambiri a ife tikulidziwa, poti ifenso tinauzidwa zomwezo: "Amati tiziika pomwe tikupuma pang'ono." Lamuloli si lopusa ayi, ndi lakale chabe. Zaka pafupifupi 200 Yesu asanabadwe, Aristophanes wa ku Byzantium, yemwe ankayang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria, anakonza timadontho tothandiza munthu wowerenga mokweza kudziwa popumira pang'ono, popumira pakatikati ndi popumira kwambiri. Mawu akuti "comma" amachokera ku Chigiriki, ndipo poyamba ankatanthauza kachidutswa ka chiganizo, osati chizindikirocho. Koma makina osindikizira atafala, osindikiza monga Aldus Manutius wa ku Venice m'zaka za m'ma 1490 anayamba kukhazikitsa maonekedwe ndi ntchito za zizindikiro, ndipo pang'onopang'ono zinayamba kutsata kapangidwe ka chiganizo kuposa mpweya wa wowerenga. Chingerezi cha m'mabuku a lero chili kumbali ya kapangidwe. Ana tikuwapatsabe lamulo la mpweya.

Kwa mwana woyankhula Chichewa, lamulo la mpweyali ndi msampha wapawiri, chifukwa makutu ake anazolowera popumira pa Chichewa. Omwe mwachitako maphunziro a kamvekedwe ka mawu mukudziwa zomwe Jonni Kanerva anafotokoza mu 1990, ndi zomwe Laura Downing ndi Al Mtenje analemba m'buku lawo la 2017: m'Chichewa, gulu la mawu likamatha, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika. Tanenani mokweza: "Bambo amene amagulitsa nsomba pamsika paja ndi amalume anga." Mumva nokha kuti pa "paja" liwu likukoka, ndipo ambiri timapumirapo. Mwana akamvera lamulo lomwe anapatsidwa, alemba kuti "The man who sells fish at the market, is my uncle." Wamvera aphunzitsi bwinobwino, ndipo walakwa, pakuti Chingerezi cha lero sichilola mpatuliro mmodzi pakati pa mwininkhani ndi mneni wake. Inde, ana a ku England nawonso amalakwitsa pomwepa, ndipo olemba Chingerezi a zaka za m'ma 1700 ankaikapo mpatuliro popanda wowadzudzula. Koma ife tili ndi chifukwa china chowonjezera. Timakonda kutsogoza mutu wa nkhani n'kupumira: "Njinga ija, ndaigulitsa." Khutu lomwe linakulira pa ziganizo zotere limamva mpatuliro pambuyo pa dzina loyamba lililonse.

Mndandanda wa mipatuliro m'chimangirizo chija nawonso uli ndi mizu yake kwathu konkuno. Pofotokoza nkhani timati, "Ndinapita kumudzi n'kukapeza agogo, iwo n'kundiphera nkhuku, ife n'kudyera mpunga." Ichi ndi chiganizo chimodzi chabwinobwino, chifukwa "n'kukapeza" ndi "n'kundiphera" saima paokha, amatsamira pa mneni woyamba uja. Mwana wathu ankamva nkhani yake ngati ulendo umodzi wotere. Chomwe sankadziwa n'chakuti "she killed" si mnzake wa "n'kupha". Ndi mnzake wa "anapha", mneni yemwe ali ndi mwininkhani wake ndi nthawi yake.

Chitsanzo china ndi cha mitengero. M'Chichewa timalemba momasuka kuti: Agogo ananena kuti, "Ndatopa." Mawu akuti "kuti" amatsegulira mawu enieni a woyankhula, ndipo palibe amadabwa. Chingerezi chimakusankhitsani chimodzi. Mulembe She said, "I am tired." kapena mulembe She said that she was tired. Mwana wathu ankaphatikiza ziwirizi: She said that, "I am tired." Choipa n'chakuti mpatuliro uja ukazolowera kukhala pambuyo pa "that" sufunanso kuchokapo. Umatsatira mwana mpaka ku sekondale, ndipo ena umatiperekeza mpaka ku yunivesite. Ndaona "I think that, the government should" m'zolemba za anzanga, ndipo nditabwerera ku zomwe ndinalemba m'chaka changa choyamba ndinaupezamo, uli phee. Palibe chithunzi choseketsa chomwe chingachotse mpatuliro umenewu, chifukwa tanthauzo silisintha. Chomwe chimauchotsa ndi munthu wokuuza kuti "kuti" ndi "that" ndi pachibale, koma sakhala nyumba imodzi.

Pa nkhodolero ndi pomwe ndinaona bwino zomwe timataya tikamaphunzitsa ngati kuti mwana wabwera chimanjamanja. Mwana wa Sitandade 6 wakhala akulemba nkhodolero kwa zaka m'Chichewa. Amaidziwa pa "m'nyumba" ndi "n'zoona", pomwe imaonetsa kuti china chake chachotsedwa mu "mu" ndi mu "ndi". Amaidziwanso pa "ng'ombe", pomwe sichiimira chochotsedwa chilichonse koma imasiyanitsa liwu limenelo ndi la mu "ngozi". Ndiye "don't" ndi "it's" sizinatitengere nthawi. Ndinangoti, "Waona u wa mu m'nyumba momwe anathawira? Apanso o wathawa, apa i wathawa." Ngakhale msampha wotchuka wa "its" ndi "it's" unakhala wophweka. Tambasula, monga umatambasulira "m'nyumba" kukhala "mu nyumba". Ngati "it is" kapena "it has" akukwana pamalopo, ika nkhodolero. Ngati sakukwana, isiye.

Chachilendo chenicheni ndi nkhodolero ya umwini. Ife timati "njinga ya amalume", chinthu patsogolo, mwini pambuyo, pakati kamawu kolumikiza. Chingerezi chimatembenuza, "uncle's bicycle". Apa mwana akuphunzira dongosolo latsopano la mawu, osati kachizindikiro chabe, ndipo akalephera kugwira mfundoyo amangoona kuti s wakumapeto amakonda kuyenda ndi nkhodolero, n'kuyamba kulemba "mango's" pofuna kunena mango ambiri. Cholakwika chimenechi si chathu chokha. Ku Britain chili ndi dzina, amati nkhodolero ya ogulitsa ndiwo zamasamba, chifukwa chimapezeka kwambiri pa zikwangwani za mitengo ya zinthu. Kabuku ka Truss kamaika ntchito ziwirizi, yofupikitsa ndi ya umwini, mumtanga umodzi ngati zovuta mofanana. Kwa mwana wathu imodzi ndi ya kunyumba, inayo ndi mlendo, ndipo mphunzitsi wanzeru agawa nthawi yake motsatira zimenezo.

Ndionjezere kuti mayina athu a zizindikirozi amaphunzitsa kuposa a Chingerezi. Mfunsiro umafunsa, mfuuliro umafuula, mitengero imatenga mawu a wina, mpatuliro umapatula. Mwana akamva "comma" kapena "apostrophe" samva kanthu, ndi Chigiriki. Akamva "mpatuliro" akhoza kufunsa funso loyenera: ukupatula chiyani ndi chiyani? Dzina lokhalo lomwe ndili nalo mangawa ndi mpumiro, chifukwa limabwezeretsa lamulo la mpweya lija kudzera kukhomo la kuseri.

Pali nkhani inanso, ya mtima womwe uli kuseri kwa mabukuwa. Buku la akuluakulu lija limadzitcha lokha njira yosalekerera cholakwika ngakhale pang'ono. Kabuku ka ana n'kofatsa, koma maganizo ake ndi omwewo, oti pali cholondola chimodzi ndipo wophonya ndi woseketsa. Chonsecho mu 2004 Louis Menand analemba m'magazini ya The New Yorker kuti buku la Truss lomwelo lili ndi zolakwika za zizindikiro, kuyambira patsamba loperekera bukulo. David Crystal, katswiri wa zilankhulo, anayankha mu 2006 ndi buku lotchedwa The Fight for English, kutsutsa mtima womenyera anthu chifukwa cha kalembedwe. Mfundo si yakuti malamulo kulibe. Mfundo ndi yakuti alipo amitundu iwiri. Ena ndi okhazikika, monga mfunsiro kumapeto kwa funso lachindunji. Ena ndi chizolowezi cha malo. Aku America amaika mpatuliro ndi mpumiro mkati mwa mitengero pafupifupi nthawi zonse, pomwe osindikiza ambiri a ku Britain amayang'ana ngati chizindikirocho chili mbali ya mawu otengedwawo. Pa mpatuliro wotsogolera "and" wotsiriza pamndandanda, osindikiza a Oxford University Press amauika, nyuzipepala zambiri za ku Britain siziuika. Mwana wathu amaphunzira Chingerezi cha ku Britain kusukulu, n'kumawerenga cha ku America pafoni ya mayi ake. Tikamuuza kuti zonse ndi lamulo, tsiku lomwe adzaone buku losindikizidwa likuphwanya lamulolo adzasiya kutikhulupirira pa zonse.

Kumene mtima wosalekererawu umakafika tinakuona ku England mu 2016. Unduna wa zamaphunziro kumeneko unatulutsa malangizo a mayeso a ana a zaka 7 oti chiganizo chiwerengedwe kuti n'chofuula pokhapokha chikayamba ndi "What" kapena "How" ndipo chili ndi mneni. Aphunzitsi ndi olemba mabuku a ana anadandaula, ndipo akuluakulu a undunawo anafotokoza kuti sakuletsa mfuuliro pamalo ena. Koma taonani chomwe chinachitika: tanthauzo linapanikizidwa kuti likhale losavuta kuchonga. Nthabwala ya panda ndi lamulo la mayeso limeneli zikuoneka zotalikirana, koma zonse zimayang'ana chiganizo chimodzi chokonzedwa ndi munthu wamkulu. Palibe chomwe chimayang'ana ndime yomwe mwana walemba yekha.

Ndiye tinatani? Kabuku tinakaika pambali, tinatenga chimangirizo chake chija. Ndinamupatsa funso limodzi. Phimba zonse ndi chala, usiye chidutswa chimodzi. Ine ndikakufunsa kuti "Chachitika n'chiyani?", chidutswacho chingakhale yankho lokwanira? "She killed a chicken." Eya, ndamva, nkhani yatha. Pamenepo mpumiro, ndipo chotsatira chiyambe ndi lembo lalikulu. "When we arrived." Apa ndinkamuyang'ana n'kunena kuti, "Mutafika, ndiye?" Ankaseka, chifukwa m'Chichewa amadziwa kale kuti "titafika" amasiya munthu m'malere. Pamenepo ndiye pa mpatuliro, chifukwa ukupatula chidutswa chotsamira ndi chomwe chikuchichirikiza. Kenako ndinamuonetsa kuti ngati akufuna ulendo umodzi uja wa "n'kukapeza", Chingerezi chili ndi njira yake: "I went to the village and saw my grandmother." Mwininkhani wachiwiri wachoka, mlumikizi walowa.

Funso limeneli silithetsa zonse. Silikhudza malamulo ngati "Come here", ndipo silinena kanthu za mipatuliro ya pamndandanda. Koma linagwira pomwe panali bala. Sabata yachitatu analemba chimangirizo china cha tsiku la msika, ndime zitatu. Ndinapezamo malo awiri okha pomwe anamanga ziganizo zoima pazokha ndi mpatuliro, ndipo amodzi anawaona yekha ndisanaloze. "That" wokhala ndi mpatuliro anatsalamo mmodzi. Ameneyo ndi wamakani, ndikumudziwa.

Chigamulo changa pa kabuku ka Truss ndi chakuti ndi ka tsiku loyamba. Kamatsegula maso, ndipo mwana wathu amakatsegulabe chifukwa cha zithunzi. Koma mphunzitsi kapena kholo lomwe likuganiza kuti lagula mankhwala a mawu ofiira aja lidzakhumudwa. Kanalembedwera mwana yemwe Chingerezi chili kale m'makutu mwake, wongofunika kumuonetsa momwe chimaonekera papepala. Wathu akufunika wina womuuza kuti izi ukuzidziwa kale kuchokera ku "m'nyumba" ndi "titafika", izi ndi zatsopano, ndipo apa khutu lako la Chichewa likunamiza.

Ntchito imeneyo Truss sangatigwirire, ndipo si mlandu wake. Ili m'manja mwa ife omwe timathera nthawi tikuwerenga za kutalika kwa maphatikizo ndi nthambi za ziganizo, koma tikafunsidwa ndi achemwali kuti tithandize mwana timathamangira panda wa ku China wolembedwa ku Britain. Pofuna poyambira, pemphani kope la Chingerezi la mwana aliyense wa kwanu, muwerenge zolakwika za zizindikiro patsamba limodzi, ndipo pa chilichonse mudzifunse kuti m'Chichewa akananena bwanji. Ine nditatero ndi kope la mwana wa achemwali anga, zambiri zinapezeka kuti zili ndi chifukwa chake.